Kufanizira Nzeru za Kalulu ndi za Kamba Pophunzitsa Nthano

Ana a ku Ngala, m'mbali mwa nyanja m'boma la Nkhotakota, amaidziŵa mvuu ndi mphamvu zake. Nchifukwa chake amakondwa pomva mmene Kalulu anakokanitsira Mvuu ndi Njovu pa chingwe chimodzi, aliyense nayesa kuti akulimbana ndi Kalulu. Koma tikalekera pomwepo, mwana adzatuluka m'kalasi ataphunzira kuti bodza ndilo nzeru.

Tsono tiyenera kuonjezapo nthano ya chitsime. M'menemo Kalulu anakana kukumba nao, namanga alonda atawanyenga ndi uchi, kufikira Kamba anamgwira ndi phula la pamsana pake. Onse aŵiri anagonjetsa owaposa, koma Kalulu anadzithandiza yekha, pamene Kamba anatchinjiriza madzi a onse.

Pomaliza tifunse ana kuti: Chitsimecho chikadakhala cha kwanu, mukadasankha yani kukhala mlonda? Chifukwa ninji? Yankho lichokere kwa iwo.