Dzanzi la m'manja usiku ndi opaleshoni yocheka pang'ono

Alipo amayi ambiri, m'tauni ndi kumudzi komwe, amene amadzidzimuka pakati pa usiku dzanja litachita dzanzi, zala zikuyaka ngati zagwira tsabola. Amalikutumula dzanjalo, kulilendeŵetsa m'mbali mwa kama, ndipo pakapita kanthaŵi limamasuka. Kukacha, singano ikupulumuka m'zala, mabatani a yunifolomu ya mwana akukanika kumanga, kapu ikugwa yokha. Ena amati anagonera dzanja, ena amati magazi sakuyenda, ndipo ena amathamangira kukatemera mphini. Kaŵirikaŵiri gwero la vutoli lili pamfundo yolumikiza dzanja ndi mkono, pamene timavala wotchi kapena chibangili. Madokotala amalitcha carpal tunnel syndrome, ndipo limagwira akazi pafupifupi katatu kuposa amuna.

Pamfundo imeneyi pali timafupa 8 timene tinakhala ngati ngalande, ndipo pamwamba pake, kumbali ya chikhatho, panayalidwa lamba wolimba wotseka ngalandeyo. M'kanjira kopanikizika kameneka mumadutsa zingwe 9 zokoka zala, pamodzi ndi mtsempha umodzi wonyamula mauthenga pakati pa zala ndi ubongo. Zingwe zija zikatupa, mafupa ndi lamba sizifutukuka, choncho wofinyika ndi mtsempha. Mtsemphawu umatumikira chala chachikulu, cha mkombaphala, chapakati ndi theka la chala cha mphete. Kachala komalizira kali ndi mtsempha wakewake, n'chifukwa chake sikachita nawo dzanzi. Amayi, usiku wina dzanzi likabwera, tsinani kachala kameneka mumve, chifukwa dokotala adzakufunsani zimenezi.

Vutoli limakonda amayi oyembekezera, makamaka m'miyezi yomalizira pamene thupi limasunga madzi, ndiponso amene afika posiya kusamba. Matenda a shuga, nyamakazi yotupitsa mfundo, kufooka kwa chithokomiro ndi kunenepa kwambiri zimaliitananso. Ntchito zogwira molimba mobwerezabwereza, monga kusinja, kufinya zochapa ndi kulima, zimalikulitsa. Koma tisafulumire kudziweruza tokha, pakuti shuga ndi khate nazonso zimachititsa dzanzi m'manja mwa njira yake. Amene ali ndi chikanga chotuŵa pakhungu chosamva kukhudza apite kuchipatala msanga.

Matendaŵa si atsopano. Sir James Paget wa ku London anawalongosola mu 1854, ndipo m'zaka za m'ma 1950 Dr. George Phalen wa ku Cleveland, ku America, anawadziŵikitsa kwa madokotala anzake. Iye anasiyanso njira yapafupi yopimira: wodwala amapinda manja onse pamfundo, kugunditsa kumbuyo kwake, zala zitaloza pansi, kwa mphindi imodzi. Dzanzi likabwera m'zala zija, ndi chizindikiro.

Si onse ofunika mpeni. Dokotala amayamba ndi chomangira chimene chimagwira mfundo kuti isapindike pogona, kapena jekeseni wa pamfundo wophwetsa kutupa. Kwa oyembekezera ambiri dzanzi limatha lokha akachira. Opaleshoni imabwera ngati zimenezi zalephera, ngati dzanzi silikuchokanso usana ndi usiku, kapena ngati mnofu wa patsinde pa chala chachikulu wayamba kuphwa. Apa mpamene amayi ambiri amalakwira manja awo popirira zaka ndi zaka. Mtsempha wofinyika nthaŵi yaitali umawonongeka, ndipo ngakhale aumasule, mphamvu ndi kumva sizibwerera zonse.

Ntchito ya opaleshoni ndi imodzi yokha: kudula lamba uja kuti ngalande itakasuke. Lambayo amadzalumikizana yekha pochira, koma atatalikirapo, ndipo mtsempha umapeza malo. Njira yakale ndiyo kucheka chikhatho masentimita 3 mpaka 5, dokotala n'kumaona lambayo ndi maso ake. Njira yatsopano inachokera ku Japan, kumene Dr. Ichiro Okutsu anailengeza mu 1987. Ku America, Dr. James Chow anatulutsa yake ya timabala tiŵiri mu 1989, ndipo Dr. John Agee ya bala limodzi mu 1992. Dokotala amacheka pamzere wa pamfundo pafupifupi sentimita imodzi, n'kuloŵetsa kachitsulo konga pensulo kokhala ndi nyale ndi kamera. Chithunzi cha m'kati chimaoneka pa kanema, ndipo kampeni kakang'ono kamadula lambayo kuchokera kunsi, khungu la chikhatho osalikhudza. Kaŵirikaŵiri sagoneka munthu tulo. Amangobaya mankhwala oletsa ululu padzanja, ntchito n'kutha theka la ola lisanakwane, wodwala n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo.

Kodi njira yatsopanoyi ikuposa yakale? Mu 2014 bungwe la Cochrane linasonkhanitsa zofufuza zoyerekeza njira ziŵirizi, ndipo linapeza kuti zonse zimachotsa dzanzi mofanana. Kusiyana kwake n'kwakuti ochitidwa opaleshoni ya kamera anabwerera ku ntchito zawo msanga ndi masiku pafupifupi 8. Kwa mayi wogulitsa mandasi kapena wosoka pa makina, sabata imodzi si yochepa, ndipo chikhatho chopanda chipsera chimagwira mthiko mosavuta. Komabe njirayi ili ndi zake. Kachitsulo kaja kamadutsa pafupi ndi mtsempha wodwala kale, ndipo nthaŵi zina kamaukhudza n'kuwonjezera dzanzi kwa kanthaŵi. Zipangizo zake n'zokwera mtengo, ndipo zimafuna dzanja lozoloŵera. Kuona kwanga, mayi amene dokotala wake ali katswiri pa njira yakale asakane kapena kuchedwa poyembekezera kamera. Masiku ano ambiri ocheka chikhatho amachekanso pang'ono kusiyana ndi kale. Poyambira ndi pachipatala chapafupi, ndipo iwo ndiwo amatumiza kwa a zamafupa ku chipatala cha boma kapena ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe.

Njira iliyonse imene mwachitidwa, kuyaka kwa usiku kumayamba kutha m'masiku oyamba omwe. Dzanja likhale pamwamba, pa pilo kapena pachifuwa, kuti lisatupe, ndipo zala muzizigwedeza kuyambira tsiku loyamba. Bala lisaloŵe madzi mpaka ulusi atachotsa, patapita masiku 10 mpaka 14. Kuŵaŵa kwa patsinde pa chikhatho mukatsamira kumatha kukhalapo masabata angapo, ndipo mphamvu yogwira imabwerera pakati pa miyezi iŵiri ndi itatu. Choncho kambiranani ndi bambo a kunyumba tsiku lisanafike, kuti adziŵe amene adzatunga madzi, kusinja ndi kuchapa mateŵera. Ngati ndi kumudzi ndipo matenda sanafike poipa, pemphani tsiku la m'chilimwe, zokolola zitaloŵa m'nkhokwe. Bala likafiira, likatentha kapena kutuluka mafinya, bwererani kuchipatala tsiku lomwelo.