KUCHA DZINA KACIROMBO KOBOOLA MITENGO

Lero tikambe za tizirombo toboola mitengo, ndi za akatswiri amene nchito yao ndiyo kutisiyanitsa ndi kuticha maina.

Munthu akaona ufu ulikugwa ku phaso la nyumba yace, kapena tizibowo pa mpando, amangoti, "Wafumbwa." Koma anankafumbwe sali a mtundu umodzi ai. Ena amadya mbali ya kunja ya mtengo wouma, nasiya mtima wace. Ndico cifukwa cace mtima wa mlombwa umakhalitsa. Ena amalowa mu mtengo wauwisi atanyamula nkhungu, yonga ija imamera pa nsima yogona, naibzala m'tinjira tao. Iwo ndi ana ao amadya nkhunguyo, osati mtengo. Cotero mankhwala opha uyu, mwina sangaphe uyo.

Nanga katswiri amadziwa bwanji kuti wapeza mtundu watsopano? Poyamba amalemba malo, tsiku, ndi mtengo umene anapezamo kacirombo. Kenaka amakaika pansi pa galasi lokuza zinthu, nawerenga mfundo za nyanga zace, nayang'ana timinga ta kumapeto kwa mapiko ace, nayesa utali wace. Atatero amakalinganiza ndi tinzace tosungidwa m'nyumba zazikuru za ku London, ku Tervuren m'dziko la Belgium, ndi ku Vienna, kumene kuli tizirombo ta Karl Schedl, amene anacha maina mitundu yambiri ya mu Africa. Kakapanda kufanana ndi kena kali konse, iye amalemba maonekedwe ace onse, nakajambula, nasindikiza m'buku. Kamodzi amakasunga monga mboni, kuti wokayika ali yense adzakaone yekha. Masiku ano amayesanso DNA, ndico cizindikiro ca cibadwa cimene ciri m'thupi la camoyo ciri conse.

Dzina limakhala la mau awiri a Cilatini, monga mwa dongosolo la Carl Linnaeus wa ku Sweden, la mu 1758. Liu loyamba liri ngati ciwongo, Phiri kapena Banda. Laciwiri ndilo la mtundu umodziwo.

Kapena wina ati, "Kodi dzina limapha kacirombo?" Tamverani. Mu 1878, George Horn wa ku America anacha dzina kacirombo kena ka m'banja la oboola mitengo, kamene lero kamachedwa Prostephanus truncatus. Kwao ndi ku Mexico ndi Central America. Patapita zaka zana, alimi a ku Tabora m'dziko la Tanzania anaona cimanga cao cirikusanduka ufu m'nkhokwe mofulumira kopambana kale. Mu 1981 akatswiri anazindikira kuti ndi komweko ka Horn. Ameneyu ndiye nankafumbwe wamkuru, amene anafika ku Nakonde muno m'Zambia mu 1993, ndipo amaboola cimanga, cinangwa couma, ngakhale mitengo ya nkhokwe yeniyeniyo.

Onani tsono cimene dzina linacita. Litadziwika, anthu anatsegula mabuku, nadziwa kwao kwa mdaniyo. Anapita komweko, napeza kacirombo kena kamene kamadya mazira ndi mphutsi zace, nakamasula ku Togo mu 1991. Pakadapanda dzina, akadafuna kuti?

Nchitoyi siinathe, pakuti m'nkhalango za maiko otentha muli mitundu yambiri yopanda maina, ndipo imayenda ndi matabwa, mabokosi ndi nkhuni. Inunso mungathe kuthandiza. Mukaona ufu kapena tizibowo tacilendo pa matabwa a ku nchito kapena pa nkhokwe ya kumudzi, tolani tizirombo tingapo, mutiike m'botolo pamodzi ndi kacidutswa ka mtengowo, mulembe malo ndi tsiku, ndipo mupereke kwa mlangizi wa zaulimi kapena wa zankhalango.