MPHINDI ZOCEPA PAKATI PA BWALO ZINATHETSA NJALA YA ZAKA 57

Pa 25 September, 2021, timu ya Melbourne ya ku Australia inatenga cikho ca mpira wa dziko limenelo cimene inali itacisowa kucokera m'caka ca 1964. Inagonjetsa timu ya Western Bulldogs ndi mapointi 140 kwa 66, pamaso pa anthu 61,118 mu mzinda wa Perth. Munthu wongomva ziwerengero zimenezi angayese kuti masewerawo anali opepuka kuyambira paciyambi, koma sizinali tero iai. Pakati pa cigawo cacitatu a Melbourne anali pambuyo ndi mapointi 19, ndipo nkhalamba zimene zinadikira zaka 57 zinali zitayamba kale kugwira tsaya. Cimene cinatembenuza zinthu cinacitika pa kamalo kamodzi pakati peni-peni pa bwalo.

Kuti awerengi athu amvetse bwino, tiyenera kuyamba tafotokoza mpira umenewu, popeza ndi wosiyana ndi mpira wa miyendo umene anyamata amamenya m'masukulu mwathu. Mpira wace ndi wautali ngati dzira, ndipo bwalo lace nalonso ndi lozungulira ngati dzira, lalikulu kuposa la mpira wa miyendo. Timu iriyonse imakhala ndi anthu 18 m'bwalo. Munthu aloledwa kugwira mpira ndi manja, kuumenya ndi phazi kapena ndi nkhonya, koma kuuponya ndi mlandu. Amene ali ndi mpira angathe kugwidwa ndi kugwetsedwa pansi. Ku mapeto onse awiri a bwalo kumaimikidwa mitengo inai yopanda mtanda pamwamba. Mpira womenyedwa ndi phazi ukapita pakati pa mitengo iwiri yaitali ya pakati, cimeneco ndi cigoli ca mapointi 6. Ukapita pakati pa mtengo wautali ndi waufupi, ndi pointi imodzi yokha. Masewera amagawidwa m'zigawo zinai.

MZERE WOYAMBA

Cigoli cikalowa, mpira umabwerera pakati pa bwalo, pamene pali malo a ngodya zinai, otalika mamita 50 mbali iriyonse. M'malo amenewa mumaloledwa anthu anai okha a timu iriyonse poyambanso masewera. M'caka ca 2021 woweruza anali kumenyetsa mpira pansi mwamphamvu kuti unjanje m'mwamba. Pamenepo amuna awiri atali, mmodzi wa timu iriyonse, amalumpha kulimbirana kuupatsira ndi cikhatho kwa anzao atatu amene akudikira pansi. Wolumphayo kumeneko amamucha ruckman. Timu imene yatola mpira m'cipwirikiti cimeneci ndi kuutulutsa kupita nao ku mbali ya adani imalembedwa kuti yapeza clearance, ndiko kunena kuti yacotsa mpira pakati. Pali akalaliki amene nchito yao ndi kuwerenga zimenezi pa masewera alionse.

Mlimi aliyense adziwa kuti mzere woyamba ukakhota, mizere yonse ya m'munda imakhota. Ndi mmenenso kucotsa mpira pakati kuliri, maka-maka kuyambira m'caka ca 2019. Kale mphunzitsi wa timu akaona kuti anyamata ace akupanikizidwa, anali kutumiza anthu oonjezera kumbuyo kuti akachinge njira mpira usanayambenso. M'caka cimeneco akulu-akulu a bungwe la AFL anaika lamulo lakuti poyambanso masewera, anthu 6 akhale kutsogolo, 6 kumbuyo, ndipo 6 cigawo ca pakati. Motero timu imene yalephera pakati siikhalanso ndi pobisala, pakuti mpira umafika kwa ochinga ace iwo ali mmodzi-mmodzi ndi adani ao.

A Melbourne sanapeze anyamata ao a pakati m'tsiku limodzi. Ku Australia caka ndi caka matimu amasankha anyamata atsopano motsatana, ndipo timu imene yathera pansi ndiyo imayamba kusankha. A Melbourne anakhala pansi zaka zambiri. M'caka ca 2011 anagonja kwa a Geelong ndi mapointi 186 pa tsiku limodzi, ndipo m'caka conse ca 2013 anapambana kawiri kokha. Manyazi amenewa ndiwo anawapatsa mwai wosankha msanga. M'caka ca 2014 anatenga Christian Petracca ndi Angus Brayshaw, waciwiri ndi wacitatu pa mndandanda wa dziko lonse. M'caka ca 2015 anatenga Clayton Oliver, wacinai. Jack Viney, mnyamata wosaopa kugundana, anabwera m'caka ca 2012 mwa lamulo lolola mwana kulowa timu imene atate wace anasewera. Wolumpha wao wamkulu, amenenso anali mtsogoleri wa timu, anali Max Gawn, cimunthu cotalika kupitirira mamita awiri.

Pofika m'caka ca 2019 anacita cinthu cimene cinadabwitsa ena. Ali naye kale Gawn, amene ambiri anali kumuyesa wolumpha woposa onse m'dzikomo, anagwiritsa nchito mwai wao wacitatu pa mndandanda kutenganso wolumpha wina, Luke Jackson wa ku Western Australia, mnyamata amene anakulira pa masewera a basketball.

AMENE ANASIYIDWA

Pamene anyamatawa anali kukhwima, malo anayamba kucepa, ndipo amene anapanikizidwa anali munthu amene anasenza timuyi pa zaka zace za njala. Nathan Jones anayamba kusewerera Melbourne m'caka ca 2006. Anasankhidwa kukhala wosewera woposa onse wa timuyi zaka zitatu zotsatana, 2012, 2013 ndi 2014, pamene kunalibe cina conyadira. Anakhala mtsogoleri kuyambira 2014 mpaka 2019. Mu April 2021 anakwanitsa masewera 300, cinthu cimene munthu mmodzi yekha, David Neitz, anali atacitapo m'mbiri yonse ya timuyi.

Koma m'caka comweco Jones anali ndi zaka 33, thupi linali litayamba kubvuta, ndipo nchito yace ya pakati inali m'manja mwa acicepere othamanga kuposa iye. Mphunzitsi Simon Goodwin pamodzi ndi anzace osankha timu anamsiya kunja pa masewera otsiriza opita ku cikho. Jones anapita nao ku Perth, nakonzekera pamodzi ndi anzace, kuyembekezera kuti mwina malo angapezeke. Sanapezeke. Tsiku la cikho lisanafike anabwerera ku Melbourne kukakhala ndi mkazi wace amene anali kuyembekezera mapasa, ndipo analengeza kuti wapuma, atasewera masewera 302.

Okonda timuyi ambiri cinawawawa, ndipo ncosadabwitsa. M'caka cimeneco mendulo ya cikho inali kupatsidwa kwa okhawo amene asankhidwa pa tsikulo. Jake Bowey, mnyamata wa zaka 19 wosewera kumbuyo, analandira mendulo pa masewera ace acisanu ndi ciwiri. James Jordon, amene anaikidwa pambali kudikira kuti wina akabvulala alowe, sanaponde m'bwalo mpang'ono pomwe, koma nayenso analandira. Jones, amene anagwa ndi kudzuka ndi timuyi zaka 16, anaonerera pa wailesi ya kanema. Komabe munthu woona cilungamo sangawadzudzule osankhawo. Akanamlowetsa cifukwa ca cifundo, akanayenera kucotsa mnyamata wina amene anagwira nchito yace bwino caka conse, ndipo zimene zinacitika m'cigawo cacitatu zinafuna miyendo yopepuka.

Jones sanali yekha woonerera ali kutali. Masewera a cikho kawiri-kawiri amacitikira pa bwalo la Melbourne Cricket Ground, limene ndi kwao kweni-kweni kwa timuyi, koma caka cimeneco mzinda wa Melbourne unali wotsekedwa cifukwa ca mliri wa Covid-19. Ndico cifukwa cace masewerawo anatengedwa kupita ku Perth, ku malire a kumadzulo kwa dzikolo, ndipo ocemerera a matimu onse awiri anatsala m'nyumba zao.

CIGAWO CACITATU

A Bulldogs sanali ofooka pakati. Anali ndi mtsogoleri wao Marcus Bontempelli, Jack Macrae, Adam Treloar ndi Tom Liberatore, katswiri wodziwika pa kufukula mpira pansi pa miyendo ya anthu. Pamene panali pokaikitsa mpa wolumpha. Mphunzitsi wao Luke Beveridge anadalira Stefan Martin, wa zaka 34, amene anasewera pang'ono caka cimeneco cifukwa ca kubvulala, pamodzi ndi Tim English.

A Melbourne anayamba bwino, natsiriza cigawo coyamba ali patsogolo 29 kwa 8. M'cigawo caciwiri a Bulldogs analanda pakati, namwetsa zigoli 6 pamene a Melbourne anapeza cimodzi cokha, ndipo popita kopuma anali patsogolo 47 kwa 39. Atabwerako anaonjezera ziwiri. Pamene Bontempelli anamwetsa cigoli cace cacitatu, zinali 59 kwa 40.

Pa nthawi imeneyi wolumpha pakati sanali Gawn iai, koma Jackson, amene anali asanakwanitse zaka 20. Luso la mnyamatayu linali lakuti akalumpha sanali kuima kuonerera monga acitira atali ambiri. Akangotera pansi anali kuthamangira mpira ngati mmodzi wa aafupi, kotero kuti pansi a Melbourne anali kuoneka ngati anai pa atatu.

Bayley Fritsch anamwetsa cigoli. Mpira unabwerera pakati, a Melbourne anaucotsa, ndipo Fritsch yemweyo anamwetsanso. Unabwereranso pakati, anaucotsanso, ndipo Ben Brown anamwetsa cacitatu. Mapointi 19 aja anasungunuka anthu asanakhazikike pa mipando yao. Patapita kanthawi Brayshaw anadziponya pansi kugwira mpira, namwetsa cigoli cimene cinaika Melbourne patsogolo.

Ngakhale zinali tero, a Bulldogs akanatha kupita kopuma ali pafupi, nakapangana bwino. Koma itatsala mphindi yosakwana imodzi, Petracca anagubuduza mpira pansi kucokera m'mphepete mwa bwalo, malo obvuta kwambiri, ndipo unalowa. Mpira unabwerera pakati, unacotsedwa, ndipo Tom Sparrow anamwetsa ali kutali. Unabwereranso, unacotsedwanso, ndipo Oliver anatulukira akuthamanga yekha namwetsa cina. Zigoli zitatu m'mphindi imodzi, ziwiri za izo zocokera pakati peni-peni. Apa mpamene lamulo lija la 2019 linaoneka ukali wace, pakuti Beveridge analibe njira yotumizira anthu oonjezera kumbuyo mpira usanayambe. Ochinga ace anali kungoona mpira ukubwera ngati madzi a mtsinje wosefukira. Cigawo cinatha 83 kwa 59.

Cigawo cotsiriza cinali cikondwerero cabe. Kucokera pa cigoli cija ca Bontempelli mpaka kumapeto, a Melbourne anapeza mapointi 100 ndipo a Bulldogs 7, zigoli 16 kwa cimodzi. Fritsch yekha anamwetsa 6. Petracca, amene anagwira ndi kupereka mpira ka 39 namwetsa ziwiri, anapatsidwa mendulo ya wosewera woposa onse pa tsikulo. Menduloyi imachedwa ndi dzina la Norm Smith, mphunzitsi amene anapatsa Melbourne cikho ca 1964 nacotsedwa nchito mwadzidzidzi caka cotsatira. Ngakhale anabwezeredwa patapita masiku ocepa, ocemerera ena anali kunena kwa zaka zambiri kuti timuyi inadzitengera tsoka pa kumcitira cipongwe munthu ameneyu. Zikhulupiriro zotere, zioneka kuti, sizisowa m'dziko liri lonse.

ATAMBALA AWIRI

Ambiri anayesa kuti ndi anyamata otere a Melbourne adzatenga cikho zaka zingapo zotsatana. Sizinatero. M'caka ca 2022 anafika m'masewera otsiriza koma anagonja kawiri motsatana, kwa Sydney ndi kwa Brisbane. Kumapeto kwa caka cimeneco Jackson anapempha kubwerera kwao, nalowa timu ya Fremantle.

Pofuna kutseka mpatawo, osankha anatenga Brodie Grundy wa ku Collingwood, wolumpha wochuka amene anasankhidwa kawiri, m'zaka za 2018 ndi 2019, kukhala m'gulu la osewera oposa onse m'dziko. Pa pepala cinaoneka canzeru, koma paja akulu anati atambala awiri salira m'khola limodzi. Jackson anali mnyamata wokhutira kuthandiza Gawn ndi kusewera kutsogolo pamene sakufunika pakati. Grundy ndi Gawn onse awiri anali anthu ozolowera kulumpha pakati masewera onse, ndipo wina akatumizidwa kutsogolo kukadikira, mphamvu yace inali kucepa. Caka ca 2023 cisanathe Grundy anasiyidwa kunja, ndipo sanasankhidwe pa masewera otsiriza, pamene a Melbourne anagonja kwa Collingwood ndi mapointi 7 ndiponso kwa Carlton ndi mapointi awiri okha. Caka cotsatira anali atabvala malaya a Sydney.

Brayshaw anasiya mpira mu February 2024, madokotala atamcenjeza za kubvulala kwa m'mutu. Goodwin anacotsedwa nchito mu August 2025. Mu October caka comweco Petracca anapita ku Gold Coast, ndipo Oliver anapita ku Greater Western Sydney.