MOWA, GALIMOTO NDI MWINI MLANDU

Nkhani ya lero icokera ku Bindura, mzinda wa migodi umene uli m'cigwa ca Mazowe, mtunda wa makilomita 88 kucokera ku Harare. Omvera a ku Malawi ndi a ku Zambia asayese kuti ndi nkhani ya eni dziko okha. Ciyambire zaka zija anthu ankatsika wapansi kupyola Tete, ena pa malole a Ulere, Acewa, Ayao ndi Asena akhala ali m'makomboni a dera limenelo. Anakumba golide ku Shamva, anakumba nikelo ku Trojan pamene mgodiwo unayamba m'zaka za m'ma 1960, ndipo adzukulu ao ena analowa nchito ku Freda Rebecca, mgodi wa golide umene unatsegulidwa mu 1988. Maliro akacitika kumeneko, uthenga umafika ku Dedza ndi ku Katete.

Womvera ayerekeze tsiku Loweruka la kumapeto kwa mwezi, anthu atalandira. Munthu wakhala pa mowa ku Chipadze kuyambira masana. Dzuwa litalowa akwera galimoto, anzace awiri kumbuyo, nalowa mseu wa ku Trojan. Pokhota agunda mwamuna wa pa njinga, ndipo mwamunayo afera pomwepo, kusiya mkazi ndi ana. Zotere zacitika kambiri pa miseu ya maiko onse atatu, ndipo funso la pa siwa limakhala limodzi: mlandu umenewu ngwa yani?

Mayankho sasowa. Woyendetsa amati, "Sindine, ndi mowa." Abale ace amati mwini bara sakadamgulitsa botolo lotsiriza lija. Wina amaloza dzenje la pa mseu, wina akumbutsa kuti galimotoyo inali ya kampani, ndipo agogo amanong'ona kuti mwanayo anacita kumlodza. Mlandu umazungulira ngati cipanda ca mowa comwe, ali yense kulawako pang'ono ndi kupatsira mnzace.

Cofunika kudziwa poyamba ndi ici, kuti imfa imodzi ya pa mseu imabala milandu iwiri. Woyamba ngwa Boma, ndipo umafuna cilango. Waciwiri ngwa banja, ndipo umafuna malipiro. Anthu ambiri amasokoneza iwiriyi, nadabwa poona woyendetsa atapatsidwa cilango koma wamasiye osalandira kanthu. Ndalama za faindi zimapita ku Boma. Wamasiye akafuna zace ayenera kutsegula mlandu wace.

Pa mlandu wa Boma palibe kuzungulira. Lamulo la za pa mseu la ku Zimbabwe limaletsa munthu kuyendetsa galimoto ngati m'mamililita 100 a magazi ace muli mamiligiramu 80 a mphamvu ya mowa kapena kuposa. Muyeso womwewo ndiwo unaikidwa ku England mu 1967, pamene apolisi anayamba kuyesa mpweya wa oyendetsa m'mbali mwa mseu. Ku South Africa muyeso uli pa 50. Wopha munthu pa mseu amaimbidwa mlandu wa kupha mwa kusasamala, ndipo buku la malamulo a upandu la 2004 linanena poyera kuti pa mlandu wotere kuledzera kwa dala si cobisalirapo, ndiponso bwalo lisakuyese cifukwa cocepetsera cilango.

Ena amati lamuloli nlouma mtima, pakuti woledzera sadziwa cimene acita. Koma mwini wace ankadziwa asanayambe kumwa. Ankadziwa kuti makiyi ali m'thumba ndi kuti adzabwerera usiku. Ciwindi ca munthu cimacotsa mowa m'magazi pang'ono pang'ono, botolo limodzi laling'ono kutenga ora lathunthu kapena kuposa, ndipo khofi, madzi ozizira kapena nsima ya usiku sizicifulumizitsa konse. Coopsa nca kuti mowa umacotsa mantha usanafooketse miyendo, kotero munthu amadziona katswiri pa nthawi yomwe maso ndi phazi zayamba kucedwa. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ora imayenda mamita 22 pa sekondi imodzi. Phazi likacedwa sekondi imodzi yokha kufika pa buleki, mamita amenewo atha, ndipo wa pa njinga uja anali m'kati mwace.

Mlandu waciwiri ndiwo wobvuta. Malamulo a ku Zimbabwe a za malipiro anacokera ku Cape mu 1891, pamene a ku Malawi ndi Zambia anacokera ku England. Koma onse amabvomerezana kuti mkazi ndi ana a wophedwa angathe kufuna malipiro a cithandizo cimene ataya. Bwalo siliika mtengo pa moyo wa munthu. Limawerenga cimene mwamunayo akadabweretsa pakhomo m'zaka zace za nchito. Tsono bvuto nlakuti woyendetsa uja kawiri kawiri ndi mmphawi, mwina ali m'ndende, mwina anafera pa ngozi yomweyo. Inshuwalansi imene lamulo limakakamiza mwini galimoto ali yense kukhala nayo iri ndi malire ace, ndipo sikwana kulera ana kufikira akule. Apa ndipo loya amayamba kuyang'ana nkhokwe imene muli cimanga.

Nkhokwe yoyamba ndi ya wolemba nchito. Mu 1945 bwalo lalikulu la ku South Africa linaweruza mlandu wa kampani ya Feldman, umene oweruza a ku Harare amauchula kufikira lero. Dalaivala wa kampaniyo anatumidwa kukatula katundu mu Johannesburg ndi kubweza galimoto ku garaji. Iye anapatukira ku Sophiatown, namwa mowa, ndipo pobwerera anagunda ndi kupha bambo wa ana awiri. Kampani inati munthuyo anali pa ulendo wace wace, wosatumidwa. Bwalo linakana: galimoto inali m'manja mwace cifukwa ca nchito ya kampani, nchito yoibweza inali isanathe, ndipo amene amapindula potuma ena ayenera kusenza ngozi zimene kutumako kumabala. Mu 1999 bwalo lalikulu la ku Zimbabwe linatsata maganizo omwewo pa dalaivala wa Boma amene analoledwa kugona ndi galimoto kwao, napatuka nayo usiku, nagunda galimoto ya munthu wina. Boma linalipa.

Kodi uku ndi kukankhira mlandu kwa wosalakwa? Iai. Mkulu ali yense wa pa bwalo la mfumu amadziwa kuti ng'ombe zikadya munda, amalipa ndi mwini khola, ngakhale amene anagona ndi mbusa. Kulipa kwa mwini khola sikuyeretsa mbusa. Madzulo akaonana naye. Comweco dalaivala amakhalabe wolakwa, amalangidwa ndi Boma, ndipo nchito imamthera. Lamulo langofuna kuti ana amasiye asafe ndi njala cifukwa cakuti wolakwayo alibe kanthu. Nceifukwa cace mgodi wosamala sulekerera galimoto zace kugona pa khomo la bara.

Nkhokwe yaciwiri ndi ya wogulitsa mowa, ndipo apa maiko amasiyana kwambiri. Ku America zigawo zambiri zimalola kuti wobvulazidwa ndi woledzera asumire bara imene inamledzeretsa. Mu 1959 bwalo la ku New Jersey linalola mlandu wotere pa mabara amene anagulitsa mowa kwa mnyamata wosakwana zaka, amene pambuyo pace anapha munthu ndi galimoto. Mu 1984 bwalo lomwelo linapitirira, niliti ngakhale mwini nyumba amene wathirira mlendo wace mowa, namuona ataledzera, namlola kukwera galimoto, angathe kulipa. Womvera amene anafululapo mowa wa cinkhoswe kapena wa m'meto angathe kuona yekha kumene ciweruzo cotere cikadafikitsa mudzi.

Milandu imeneyo inasumidwa ndi anthu osalakwa amene anagundidwa kapena ndi abale ao. Koma pali mtundu wina, umene ndiwo weni weni wa kukankha mlandu: womwa wafa yekha, ndipo abale ace asumira amene anamgulitsa. Wochuka ndi wa ku Triabunna, pa cisumbu ca Tasmania ku Australia. Mwamuna wina anapita kukamwa ataweruka ku nchito. Atamva kuti apolisi ali pa mseu, anapangana ndi mwini hotela kuti njinga yamoto imene anabwera nayo aitsekere m'cipinda ca katundu, makiyi asunge, ndipo nthawi ikakwana mkazi wace adzamtenge. Usiku, atamwa kwambiri, anasintha mtima. Anakana mwaukali kuti mkazi aitanidwe, naumirira kuti ali bwino, nafuna makiyi ace. Mwini hotela anampatsa. Mwamunayo anafera pa mseu asanafike kwao.

Wamasiye anasuma. Bwalo loyamba linamkaniza, laciwiri linambvomera, ndipo mu 2009 bwalo lalikulu la dzikolo linagamula kuti mwini hotela alibe mlandu. Oweruza anati munthu wamkulu ali ndi ufulu wa kusankha za kumwa kwace, ndi kuti mwini hotela analibe mphamvu ya kumana munthu katundu wace kapena kumtsekera. Mtima umamvera cisoni wamasiyeyo, pakuti iye sanamwe kanthu. Munthu angathenso kunena kuti mwini hotela akadalimba mtima, nalola kutukwanidwa usiku umodzi. Mnansi wabwino akadatero. Koma kusacita ca mnansi wabwino ndi kwina, kupha munthu ndi kwina, ndipo oweruza anacita bwino posasakaniza ziwirizi. Dzanja limene linanyamula botolo ndilo linalandira makiyi.

Apa wogulitsa asadziyese womasuka. Lamulo la za mowa la ku Zimbabwe limaletsa kugulitsa kwa mwana wosakwana zaka 18 ndi kwa munthu woledzera kale, ndipo wophwanya angathe kulangidwa ndi kutaya ciphaso cace. Amenewo ndi mlandu wace wa iye, wosacotsa kanthu pa mlandu wa woyendetsa.

Nanga anzace awiri aja okhala kumbuyo? Wokwera akabvulala angathe kusumira woyendetsa, koma bwalo limamfunsa kumene anali masana. Mu 1976 bwalo la ku Britain linaweruza mnyamata amene anayenda ndi mnzace m'mabara usiku wonse, nakwera galimoto yace pobwerera, nabvulala koopsa. Malipiro ace anadulidwa ndi magawo 20 pa 100, pakuti anaona ndi maso ace cimene mnzaceyo anamwa. Ku Zimbabwe nakonso kuli lamulo lopatsa bwalo mphamvu ya kugawa colakwa, ndi kucepetsa malipiro monga mwa gawo la wodandaulayo.

Kwatsala mau a amai a m'makomboni, amene ambiri maukwati ao anamangidwa ndi ankhoswe popanda kalata ya kwa Boma. Kale a inshuwalansi ankati mkazi wotere si mkazi pamaso pa lamulo. Mu 1990, pa mlandu wa kampani ya Zimnat, bwalo lalikulu la ku Zimbabwe linakana mau amenewo, niligamula kuti wamasiye wa ukwati wa mwambo, ngakhale wosalembetsa, angathe kufuna malipiro a cithandizo mwamuna wace ataphedwa pa mseu. Cofunika ndi mboni zakuti ukwati unalipo, kalata ya imfa, lipoti la apolisi, makalata a kubadwa kwa ana ndi mapepala a malipiro a ku nchito. Apa mabanja a machona amapunthwa kawiri kawiri, pakuti ena anabadwira m'komboni, nakula, nakalamba opanda citupa.

Ndipo nthawi iri ndi malire. Akuluakulu amati mlandu suola, ndipo pa bwalo la mfumu ndi momwemo; kwa Amashona imfa yosalipidwa imakumbukika mibadwo, kufikira ng'ombe zitaperekedwa. Koma pa bwalo la Boma mlandu wa malipiro umatha mphamvu pakapita zaka zitatu, ndipo milandu yina, monga yosumira apolisi, iri ndi nthawi yaifupi kuposa pamenepo. Banja limene likudikira kuti abale abwere kucokera ku Malawi, kuti ayambe ameta maliro ndi kumanga ciliza, liyenera kutuma mmodzi kwa loya kapena ku ofesi ya cithandizo ca malamulo miyezi yoyamba isanathe.