Ana a ku Sekondale Angathe Kuyamba Kuphunzira Malamulo Asanafike ku Yunivesite

Masukulu ena aakulu a ukachenjede a ku England ndi ku America anaika maphunziro a malamulo pa intaneti, ndipo ena mwa maphunzirowo munthu angathe kuwatsata osalipira kanthu, ngakhale ali mwana wa Fomu 3. Nkhani imeneyi njofunika kwa aphunzitsi ndi kwa antchito a Boma amene ali ndi ana ku sekondale, pakuti kawirikawiri mwana wofuna uloya amadikira kufikira atalowa ku yunivesite kuti aone buku la malamulo kwa nthawi yoyamba. Koma monga zikhalira pamsika, zabwino ndi zachabe zili zosakanizika, ndipo kholo losafunsa likhoza kutaya ndalama, mwana nayenso n'kutaya nthawi yokonzekera mayeso a MSCE.

Kuphunzira uli kutali si chinthu chachilendo

M'chaka cha 1858 Yunivesite ya London inalola kuti anthu alembe mayeso ake ngakhale sanakhale m'makalasi a mu mzindawo, ndipo kuyambira pamenepo anthu ambiri a m'maiko olamulidwa ndi Britain anapata madigiri ali kwawo, akuwerenga usiku pa nyali. Nelson Mandela anawerenga malamulo a yunivesite imeneyi ali m'ndende, ndipo digiri yake anailandira m'chaka cha 1989 kuchokera ku Yunivesite ya South Africa, imenenso imaphunzitsa anthu ali kutali. Kuno kwawo kwa Amalawi, Boma linatsegula Malawi Correspondence College m'chaka cha 1965, ndipo aphunzitsi ndi alembi ambiri a m'maofesi anakwera pa ntchito chifukwa cha maphunziro odzera pa positi.

Kale njira ya uloya inali yaitali ndi yodula. Orton Chirwa, loya woyamba wachikuda wa dziko lino, anachita kuwoloka nyanja kupita ku London, kumene anavomerezedwa kukhala loya m'chaka cha 1958. Chimene chasintha lero ndi liwiro ndi mtengo. Phunziro limene linkayenda masabata m'thumba la makalata tsopano lifika pa lamya ya m'manja nthawi yomweyo, ndipo wophunzira amva mawu a mphunzitsi mwini wake naona nkhope yake.

Kuphunzitsa ana a sekondale malamulo nakonso kunayamba intaneti isanadze. M'chaka cha 1972 ophunzira malamulo a pa Yunivesite ya Georgetown anayamba kupita m'masukulu a sekondale a mu Washington kukaphunzitsa ana malamulo okhudza moyo wa tsiku ndi tsiku, ntchito imene inatchedwa Street Law. M'chaka cha 1986 David McQuoid-Mason anaiyambitsa ku Durban, pa Yunivesite ya Natal, nthawi ya tsankho. Cholinga chawo chinali chakuti mwana adziwe chimene lamulo limulola ndi chimene limuletsa, angakhale sadzavala mkanjo wa loya.

Maphunziro amene alipo

Malo awiri odziwika kwambiri ndiwo Coursera ndi edX, ndipo onse awiri anatsegulidwa m'chaka cha 2012. Coursera anaiyambitsa aphunzitsi awiri a pa Yunivesite ya Stanford, Andrew Ng ndi Daphne Koller. EdX anaiyambitsa Harvard pamodzi ndi Massachusetts Institute of Technology. Phunziro lililonse ligawidwa m'masabata, ndipo sabata iliyonse ikhala ndi makanema aafupi, zowerenga ndi mafunso odziyesera. Kalipiridwe ka malo amenewa kamasintha kawirikawiri, ndipo satifiketi nthawi zambiri njolipira; chotero nkwanzeru kuwerenga bwino zofunika munthu asanalembetse.

Pa Coursera, Yunivesite ya London inaikapo phunziro lotchedwa Introduction to English Common Law, Yunivesite ya Pennsylvania inaikapo An Introduction to American Law, ndipo Yale inaikapo A Law Student's Toolkit, lophunzitsidwa ndi Ian Ayres. Open University ya ku Britain, imene inakhazikitsidwa mu 1969, inatsegula OpenLearn m'chaka cha 2006, ndipo kumeneko maphunziro aafupi, kuphatikizapo a malamulo, ngaulere. Bungwe la United Nations nalonso lili ndi nkhokwe ya maphunziro a malamulo a pakati pa maiko, yotchedwa Audiovisual Library of International Law, koma imeneyi njolemera kwa mwana woyamba kumene.

Phunziro limene lakopa achinyamata ambiri ndilo Justice, la Michael Sandel wa ku Harvard, limene linaonetsedwa pa wailesi yakanema m'chaka cha 2009 m'zigawo 12, ndipo lipezeka pa YouTube. M'chigawo choyamba Sandel afotokoza mlandu wa mu 1884 wa amalinyero a ku England amene chombo chawo chinamira. Anatsala anayi m'kabwato, opanda madzi ndi chakudya chokwanira, ndipo atazunzika masiku ambiri awiri a iwo anagwirizana kupha mnyamata amene anali nawo, nadya mnofu wake kuti akhale ndi moyo. Atapulumutsidwa anazengedwa mlandu, ndipo bwalo linagamula kuti njala, ingakule chotani, sipatsa munthu ufulu wopha mnzake. Mphunzitsiyo afunsa ophunzira ngati chigamulocho chinali cholungama, ndipo aliyense woyankha ayenera kupereka chifukwa. Kutsutsana kotere, kwa mtima wofatsa ndi kwa zifukwa zomveka, ndiko chiyambi cha ntchito ya loya.

Asankhe ati?

Si maphunziro onse amene ali ndi phindu lofanana kwa mwana wa ku Malawi, ndipo chifukwa chake chili m'mbiri ya dziko. M'chaka cha 1902 Boma la Britain linakhazikitsa Bwalo Lalikulu la Milandu m'dziko lino, limene panthawiyo linkatchedwa British Central Africa, nililamula kuti liziweruza motsata malamulo amene anali kugwira ntchito ku England pa 11 Ogasiti 1902. Kuyambira pamenepo mabwalo a kuno atsata mwambo wa Angerezi wakuti chigamulo cha bwalo lapamwamba chimanga mabwalo aang'ono pa milandu yofanana. Chifukwa cha ichi phunziro la malamulo a ku England lili pafupi ndi zimene mwana adzakumana nazo ku Zomba kuposa la malamulo a ku America, kumene dera lililonse lili ndi nyumba yake ya malamulo ndi mabwalo akeake.

Chitsanzo chabwino ndi mlandu wa Donoghue ndi Stevenson, umene ophunzira malamulo ambiri aumva m'maphunziro awo. Mu 1928 mayi wina wa ku Scotland anamwa chakumwa cha m'botolo m'tauni ya Paisley, ndipo ananena kuti m'botolomo munatuluka nkhono yowola, nadwala. Sanagule yekha chakumwacho, chotero panalibe pangano pakati pa iye ndi wofulula. Koma m'chaka cha 1932 bwalo la House of Lords linagamula kuti wopanga katundu ali ndi udindo wosamala munthu amene adzagwiritsa ntchito katunduyo. Woweruza Lord Atkin anatenga funso la m'fanizo la Msamariya wachifundo, lofuna kudziwa mnansi wa munthu, naliyankha mwa lamulo: mnansi ndiye aliyense amene zochita zako zingamupweteke mwa njira imene unayenera kuiganizira. Mfundo imeneyi ndiyo maziko a milandu ya kusasamala m'maiko ambiri a Commonwealth, ndipo mwana amene waimvetsa adzaona ndi maso ena ngozi ya minibasi kapena dzenje losiyidwa losakwirira pamsewu.

Komatu malamulo a dziko lino salinso a 1902. Malamulo Aakulu a dziko, amene anayamba kugwira ntchito mu 1994, anena m'ndime 5 kuti lamulo lililonse kapena chochita chilichonse cha Boma chotsutsana nawo chilibe mphamvu. Malamulo amenewa, pamodzi ndi malamulo opangidwa ndi Nyumba ya Malamulo ndi zigamulo zambiri za mabwalo, apezeka kwaulere pa MalawiLII. Pamenepo mwana angawerenge yekha Mutu wachinayi wonena za ufulu wachibadwidwe: ndime 25 ya ufulu wa maphunziro, ndi ndime 42 imene ilamula kuti munthu womangidwa aonekere kubwalo pasanathe maola 48. Angaonenso kusintha kwa mu 2017 kumene kunakhazikitsa kuti mwana ndiye aliyense wosafika zaka 18, nkhani yokhudza atsikana a m'kalasi mwake momwemo amene akakamizidwa kukwatiwa.

M'mwezi wa Januwale 2017 Bwalo Lalikulu ku Blantyre linagamula kuti ndime 184(1)(c) ya malamulo a zilango, imene apolisi ankamangira anthu pa mlandu wa vakabu, njotsutsana ndi Malamulo Aakulu. Amene anadandaula anali wogulitsa malonda wamba, womangidwa m'bandakucha akupita ku ntchito yake. Mphunzitsi amene aika chigamulo chotere m'manja mwa ana a Fomu 4 awaonetsa kuti ndime 5 imagwiradi ntchito, ndi kuti munthu wosauka angathe kuima pabwalo ndi kupambana.

Chenjezo kwa makolo

Satifiketi ya phunziro la masabata asanu kapena asanu ndi limodzi si digiri, ndipo sipatsa mwana malo ku yunivesite. Malo apezeka ndi zotsatira za mayeso, makamaka Chingerezi, ndipo mwana amene anyalanyaza silabasi chifukwa cha makanema a Harvard adzalira pa tsiku lotuluka zotsatira. Ngakhale digiri yeniyeni ya malamulo, monga ya London yophunzira uli kwanu, njoyenera amene anamaliza sekondale, njolipira ndalama zakunja, ndipo payokha silola munthu kuimira anthu pa milandu m'dziko lino. Lamulo la maphunziro a malamulo ndi ntchito ya maloya lifuna kuti munthu ayambe wavomerezedwa ndi bwalo, akhale ndi chiphaso, ndiponso akhale wa m'bungwe la Malawi Law Society. Ndipo pali sukulu ya Malawi Institute of Legal Education yokonzekeretsa omaliza digiri ku mayeso a uloya.

Palinso anthu ochenjera pa intaneti amene alonjeza dipuloma ya malamulo m'miyezi yowerengeka, napempha ndalama pa lamya. Akale anati safunsa anadya phula. Kholo lisanatulutse ndalama lifunse ku bungwe la National Council for Higher Education ngati sukuluyo njodziwika ndiponso ngati pepala lake lidzalandiridwa kuno. Maphunziro ena a nthawi ya tchuthi amene mayunivesite a ku America akonzera ana a sekondale ngoona, koma mtengo wake ngwa madola, ndipo zambiri zimene aphunzitsa kumeneko mwana angazipeze kwaulere kwina.

Vuto la magetsi ndi ndalama

Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 84 mwa 100 alionse m'dziko lino amakhala kumidzi, kumene nyumba zambiri zilibe magetsi. Masukulu atatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha mliri wa Covid-19, zinaoneka poyera kuti mwana wa m'tauni wokhala ndi lamya yamakono anapitiriza kuwerenga, pamene mnzake wa ku sekondale yoyendera ya kumudzi anangokhala. Ngati maphunziro a malamulo a pa intaneti asiyidwa kuti banja lililonse lidzionere lokha, adzangowonjezera mwayi kwa amene ali nawo kale, ndipo mabwalo a mawa adzadzala ndi ana a mabanja ochepa okhaokha.

Mankhwala ake ali m'manja mwa sukulu. Makanema ndiwo amadya bandulo, koma zolembedwa n'zopepuka, ndipo maphunziro ambiri ali ndi mawu a mphunzitsi olembedwa amene angathe kusindikizidwa. Mphunzitsi mmodzi amene apita ku boma kukalandira malipiro kapena ku msonkhano angathe kutenga phunziro lathunthu pa kompyuta, nalibweretsa kwa ana makumi anayi. Sukulu zimene zinalandira zipinda za makompyuta, monga zomangidwa ndi thandizo la bungwe la MACRA, zingapatule ola limodzi pa sabata. Pamene sukulu iletsa ana kukhala ndi lamya, lamulolo lingasungidwe ndithu, popeza chipangizo chikhala m'manja mwa mphunzitsi.

Chimene sukulu ingachite teremu ino

Sukulu zambiri zili kale ndi kalabu ya mtsutso. Kalabu yomweyo ingasanduke bwalo loyeserera: ana awerenge mlandu umodzi pa mwezi, ena aimire wodandaula, ena woyankha, atatu akhale oweruza ndipo alembe chigamulo chawo ndi zifukwa zake. Ku South Africa mpikisano wotere wa masukulu a sekondale a dziko lonse unayamba m'chaka cha 2011. Mphunzitsi wa Chingerezi adzapeza kuti kulemba mwachidule mfundo za mlandu kuphunzitsa zomwe mayeso afuna, ndipo wa mbiri yakale adzapeza chaka cha 1902 ndi cha 1994 zili ndi tanthauzo latsopano kwa ana ake.

Antchito a Boma nawonso ali ndi mbali yawo. Pa boma lililonse pali bwalo la majisitireti, ndipo milandu yambiri imazengedwa poyera. Mphunzitsi wamkulu atalemba kalata yopempha, ana angathe kukakhala kumbuyo m'mawa umodzi ndi kuona ndi maso zimene anawerenga. Majisitireti, mlembi wa bwalo, wapolisi woimira Boma pa milandu kapena loya wa ku Legal Aid Bureau angaitanidwe kudzalankhula ku kalabu. Potero ana adzadziwa kuti ntchito za malamulo nzambiri, ndi kuti wogwira ntchito ku ofesi ya malo, ya msonkho kapena ya za antchito nayenso amawerenga malamulo tsiku ndi tsiku.

M'mera mpoyamba. Mwana amene wayesa phunziro limodzi laulere ali Fomu 3 adzadziwa msanga ngati mtima wake ulidi ku malamulo, makolo asanagulitse mbewu ndi ziweto kuti amulipirire. Akapeza kuti njira yake njina, sanataye kanthu, pakuti adzakhala mlimi, namwino kapena mphunzitsi wodziwa kuwerenga pangano asanasaine, ndi wodziwa kuti mbale wake akamangidwa ayenera kuonekera kubwalo pasanathe maola 48.