Timaluwa ta Pansi pa Mapazi Athu

Mwezi wa February, pamene cimanga cimasula ndipo fodya ayamba kuthyoledwa, maso a mlimi ali pa mbeu zace zokha. Ife tifuna kuti muwerame pang'ono, muone timaluwa timene timera pamigula, m'malire a munda ndi m'mbali mwa njira. Ambiri tingoti ndi udzu, ndipo khasu silifunsa dzina.

Tiyambe ndi kacitsamba koyanga pansi kamene Angerezi amati clover. Masamba ace ali atatu-atatu, ndipo dzuwa likalowa amapindana monga acitira masamba a mtedza. Cimene cioneka ngati duwa limodzi lobulungira, loyera kapena lofiirira, ciri mulu wa timaluwa tambirimbiri, kali konse koumbidwa ngati duwa la nyemba. Njuci sizicokapo. Ku England alimi amakabzala m'mabusa a ng'ombe ndi nkhosa. Kuno kwathu sikakonda kutentha, ndipo mitundu yace yakuthengo ipezeka kumapiri kozizira monga ku Nyika.

Kufanana kwa maluwawo kuli ndi cifukwa cace: clover, nyemba, nandolo ndi mtedza ndi banja limodzi. Zulani phata la mtedza bwino-bwino, mudzaona timibulu tating'ono m'mizu. M'timibuluto mukhala tizilombo tosaoneka ndi maso, timene titenga nayitrojeni mumpweya ndi kupatsa mbeu, cakudya comweco cimene tigula ndi ndarama m'matumba a feteleza. Anthu awiri a ku Germany, Hellriegel ndi Wilfarth, ndiwo anaonetsa zimenezi m'caka ca 1886. Phwanyani kambulu kamodzi ndi cikhadabo. M'kati mukakhala mofiirira, ndiye kuti kali pa nchito.

Inu alimi a fodya musasokoneze timibuluti ndi zotupa za m'mizu ya fodya, zimene zidza ndi tinyongolotsi ta m'nthaka. Kambulu ka mtedza kamamatira pambali pa muzu, ndipo kathothoka mukakakhudza ndi cala. Pa fodya wodwala, muzu weniweniwo ndiwo watupa, ndipo palibe cothothoka.

Khovani timdziwa tonse, kawiri-kawiri ndi mkwiyo, pakuti mukamdula ndi kumsiya pa nthaka yonyowa aphukanso. Koma ndani anayang'anitsitsa duwa lace? Liri la mtundu wa thambo lopanda mitambo, litseguka m'mawa, ndipo pofika masana lafota. Wopita kumunda mocedwa saliona. M'mizere ya cimanga khovani acotsedwe ndithu. Pamgula ndi m'malire mlandu wace ndi wina: zomera zoyanga zotere zicinjiriza nthaka ku madontho a mvula, ndipo mizu yace igwira dothi kuti lisatsikire kudambo. Mgula wopalidwa mbee sucedwa kugumuka. Cifukwa cace zikatalika muzingozisenga ndi cikwakwa, osazipala kapena kuzitentha.

Pali duwa limodzi lokongola limene sitilipempherera cifundo, ndilo la kaufiti. Kufiira kwace kuposa timaluwa tonse ta m'munda, koma pamene lioneka, mizu yace yayamwa kale cimanga pansi pa nthaka kwa masabata angapo, ndiye cace cimanga cipinimbira ndi kufota ngakhale mvula irikugwa. Phata limodzi libala njere zikwi-zikwi zonga fumbi, ndipo zikhoza kugona m'nthaka zaka zoposa 10. Kaufiti acuruka m'minda yoguga. Mzuleni ndi manja maluwa akangoyamba, njere zisanakhwime, mumtulutse m'munda ndi kumtentha.

Cokondweretsa ndi cakuti mdani wa kaufiti acokera ku banja lomwe lija la clover. M'zaka za m'ma 1990 akatswiri a ku Kenya anapeza kuti kacitsamba koyanga ka masamba atatu-atatu, dzina lace desmodium, kakabzalidwa pakati pa mizere ya cimanga kacepetsa kaufiti, pamene masamba ace adyetsa ng'ombe ndi mbuzi. Wofuna mbeu yace afunse kwa mlangizi wa kwao.