Sabuufa yalakwanji? Funsani shelefu

Mwezi wathawu alamu anga anagula sabuufa yatsopano, ija ya masipika awiri aang'ono ndi bokosi limodzi lalikulu la besi. Atafika nayo kunyumba anaiika pamwamba pa kabati ya magalasi ya pabalaza, momwe mumakhala makapu ndi mbale za alendo. Nyimbo itayamba, besi ikangogunda pankamveka kaphokoso kena konyansa, ngati mavu atsekeredwa m'botolo. Alamu anapsa mtima. Akuti awagulitsa chinthu chakufa, ndipo mawa lomwelo akabweza kusitolo.

Ine ndinawapempha kuti asazimitse. Ndinanyamula bokosi la besi lija m'manja, phokoso lija zii. Nditalibwezera pa kabati, linayambiranso. Sabuufa inalibe mlandu. Wolakwa anali kabati. Tiyeni tione fizikisi yake, chifukwa ndi yomweija timaphunzira pa mutu wa mafunde ndi mawu.

Shelefu nayo imayimba

Mukudziwa kale kuti mawu amabadwa chinthu chikamanjenjemera. M'kati mwa sipika muli kachipepala kolimba kooneka ngati mbale, komwe kamapita kutsogolo ndi kubwerera m'mbuyo, n'kumakankha mpweya. Besi ya 100 Hz ndiye kuti kakupita ndi kubwerera maulendo 100 pa sekondi imodzi yokha. Tsono kumbukirani lamulo lachitatu la Newton: kachipepalako kakamakankhidwira kutsogolo, bokosi lonse limakankhidwira m'mbuyo ndi mphamvu yofanana. Choncho bokosi nalo limanjenjemera, ndipo manjenjewo amalowa m'chilichonse chimene lakhalapo.

Zinthu zolimba zimanyamula mawu bwino zedi. Mumpweya mawu amayenda pafupifupi mamita 340 pa sekondi, koma m'chitsulo amathamanga mamita pafupifupi 5,000 pa sekondi. Ikani khutu pa desiki, mnzanu akande pang'ono ndi chikhadabo kumapeto kwake. Mudabwa mmene zimvekere mokweza.

Shelefu ikalandira manjenje aja, nayonso imayamba kukankha mpweya. Yasanduka sipika yachiwiri basi. Mu labu timaonetsa izi ndi tuning fork. Mukaimenya n'kuigwira m'mwamba imalira motsitsa, poti timiyendo take n'tating'ono, sitikankha mpweya wambiri. Mukagunditsa tsinde lake pa tebulo, mawu amakwera, koma amathanso msanga chifukwa mphamvu ikutuluka mofulumira. Oimba sansi anazidziwa kalekale izi, n'chifukwa chake amaiika m'chipanda kuti imveke patali.

Pa sansi zimenezi n'zofunika. Pa sabuufa ayi. Sipika anaipanga kuti itulutse nyimbo mmene anaijambulira. Kabati ikaonjezerapo zake, nyimbo yasokonekera.

N'chifukwa chiyani phokoso limabwera pa besi ina yokha?

Chinthu chilichonse chili ndi liwiro lake limene chimakonda kunjenjemera nalo, lija timati natural frequency. Nyimbo ikafika pa liwiro lomwelo, chinthucho chimagwedezeka kwambiri kuposa nthawi zonse. Imeneyo ndiye resonance. Zili ngati kukankha mwana pa katungwe: mukamakankha pa nthawi yake yeniyeni, amakwera m'mwamba ngakhale musakugwiritsa ntchito mphamvu zambiri. Kwa alamu anga, zitseko za galasi ndi makapu zinkayankha besi ina yake, n'kumagundana ndi matabwa.

Galasi, chitsulo, thabwa

Pali kayesedwe kosavuta. Gogodani shelefu ndi chala, mumvetsere.

Galasi limalira, ndipo kulirako kumatenga kanthawi kasanazilale. Chitsulo chopyapyala nacho n'chimodzimodzi, mwinanso kuposa. Zinthu ziwirizi sizimeza manjenje msanga. Nyimbo imakhala itapita kale patsogolo, izo zikadali kulira mawu akale, ndiye zonse zimamveka zosakanikirana.

Thabwa lochindikala limangoti "du", basi latha. M'kati mwake manjenje amasanduka kutentha pang'onopang'ono, kochepa kwambiri koti simungakumve ndi dzanja. Kuzimitsa manjenje kotereku timakutcha damping. MDF, matabwa aja amapangidwa popanikiza tinyenyeswa ta mitengo ndi guluu, amachita bwino pa ntchitoyi, ndipo mabokosi ambiri a masipika amapangidwa ndi MDF yemweyo.

Koma musangoloweza kuti thabwa n'labwino, galasi n'loipa. Kulemera ndi kuchindikala nakonso n'kofunika. Lamulo lachiwiri la Newton likuti mphamvu ikakhala yomweyo, chinthu cholemera chimasuntha movutirapo. Pulayiwudi wopyapyala akhoza kulira ngati ng'oma, pamene galasi lochindikala lokhala pa timphira likhoza kukhala chete. Ndipo shelefu ya thabwa labwino koma misomali yake ili gwedegwede idzasokosabe.

Si chipangizo chilichonse chimene chimavutika

Apa ndiye pamene anthu amataya ndalama. Kumayiko monga Britain ndi America kuli makampani ogulitsa mashelefu odula kwambiri, ponena kuti chilichonse chimene mungaikepo chimveka bwino. Wophunzira fizikisi afunse kaye: manjenjewo alowa bwanji m'nyimbo?

Pa sipika njira yake taiona. Pa galamafoni, yoimba mbale zakuda zija agogo ankasunga, njira iliponso. Kasingano kake kamawerenga nyimbo potsata timizere tokhotakhota tating'onoting'ono, ndiye shelefu ikagwedezeka, kasinganoko kamatenga kugwedezekako ngati mbali ya nyimbo. Koma foni, kompyuta kapena fulashi zimasunga nyimbo ngati manambala, ndipo manambala sasintha chifukwa choti shelefu ndi ya galasi. Ampulifaya yamakono nayo chimene imafuna kwambiri pa shelefu ndi mpata woti mpweya uzidutsa kuti isatenthe.

Chenjerani ndi chinthu chinanso. Sipika ikayandikira khoma, makamaka pakona, besi imakula chifukwa makoma amabweza mawu. Ndiye mukaisamutsa kuchoka pa kabati kupita pa tebulo la pakati pa chipinda, mwasintha zinthu ziwiri nthawi imodzi, ndipo simungadziwe chimene chabweretsa kusiyanako.

Kayeseni kunyumba

Tengani foni, muike nyimbo imodzi, ndipo musasinthe voliyumu. Igonekeni pa thabwa, kenako pa thireyi yachitsulo, kenako pa nsalu yopindapinda, zonsezi pamalo amodzi omwewo. Mnzanu atseke maso, azinena zimene akumva osadziwa pamene mwaika, chifukwa khutu limakonda kumva zimene maso aliuza. Lembani zotsatira zake, tidzakambirane m'kalasi.

Nanga alamu aja? Bokosi la besi tinalitsitsira pansi pa simenti, timasipika tating'ono tija tinatiika pa zidutswa za mphira zimene tinadula ku patapata wakutha. Kusitolo sanapitenso.